Njanji Ikubwerera ku Chigwa, Nanga Anthu Adzakwera Bogi Yanji?

Sitima imene inafika pa Marka, m'malire a boma la Nsanje ndi dziko la Mozambique, mu September 2024 inakoka matanki a mafuta a dizilo ochokera ku Beira. Panali patatha zaka zoposa 40 njira imeneyi ili chitsekekere, ndipo anthu anakondwera pamodzi ndi mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, amene anapita kukailandira. Komatu m'sitimamo munalibe mpando ngakhale umodzi wa munthu wapaulendo. Nkhani yokonzanso njanji ya Marka mpaka Bangula, mtunda wa makilomita 72, ikamakambidwa timangomva za mafuta, feteleza ndi shuga. Zonsezo n'zofunika, palibe angatsutse. Koma mayi wa ku Tengani amene ali ndi dengu la nsomba zouma, ntchitoyo ikadzatha adzakwera chiyani? Kuti funso limeneli tilifunse bwino, tiyenera kudziwa kuti mabogi a anthu ali m'mitundumitundu, ndipo mtundu uliwonse amaupanga ali ndi munthu wina wake m'maganizo.

Njanji ya dziko lino inabadwira kuchigwa konkuno. Kale katundu ndi anthu ankayenda pa sitima za pamadzi mumtsinje wa Shire, koma madzi atayamba kuchepa, sitimazo zinkatitimira mumchenga. Kampani ya Shire Highlands Railway inayala njanji kuchokera pa Port Herald, pamene lero timati Nsanje, kudzera pa Chiromo, n'kukwera m'mbali mwa mtsinje wa Ruo mpaka ku Blantyre, ndipo inatsegulidwa mu 1908. Tiinjini tiwiri timene tinagwira ntchito m'masiku oyambirirawo tilipobe: Thistle ili pa siteshoni ya Limbe, Shamrock ili ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Chichiri. Mu 1914 njanji inapitirira chakumwera mpaka pa Chindio, m'mphepete mwa Zambezi. Mu 1922 ina yochokera ku Dondo, kufupi ndi Beira, inafika kutsidya linalo pa Murraça, ndipo apaulendo ankatsika n'kuoloka mtsinje pa chombo. Kuolokaku kunatha mu 1935 pamene unatsegulidwa mlatho wa Dona Ana, wotalika kuposa makilomita atatu ndi theka. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kukhala pansi ku Limbe n'kukatsikira kunyanja yamchere osasintha bogi. Amuna ambirimbiri opita kukagwira ntchito ku Salisbury anadutsa njira imeneyi, n'kukasinthira sitima pa Dondo kulowera ku Umtali.

Anthu a njanji amasiyanitsa zinthu zimene ife timangoziphatikiza. Sitima ndi mndandanda wonse. Chimene chimakoka ndi injini, ena amati mutu. Zokokedwazo tonse timati mabogi, kaya ndi a malasha, a ng'ombe kapena a anthu. Koma kwa amisiri a ku Limbe, dzina lakuti bogie kwenikweni ndi la kachimango kachitsulo ka mateyala anayi kamene kamakhala pansi, kamodzi kutsogolo kena kumbuyo, n'kumatembenuka pakona pamene thupi lalitali la ngoloyo likutsatira. Zimenezi si zongodziwirapo chabe. Ngolo zakale zamateyala anayi okha, omangiriridwa ku thupi lenilenilo, zinali zazifupi ndiponso zogwedeza kwambiri. Kachimango kotembenuka kaja ndi kamene kanatheketsa kupanga mabogi aatali odutsa bwino m'makona akuthwa ngati a pakati pa Sankhulani ndi Sandama, pamene njanji imakhotakhota potsata Ruo.

Mabogi a anthu amagawidwa m'njira zitatu zosiyana, ndipo chisokonezo chimabwera tikazisakaniza. Pali kugawa potengera mtengo wa tikiti, kumene timati makalasi. Pali kugawa potengera ntchito ya bogiyo: yokhalamo, yogonamo, yodyeramo, ya katundu. Ndiye pali kugawa kwa amisiri, koyang'ana ngati bogiyo ingayende pa njanji yathu n'kulumikizana ndi zinzake.

Za makalasi ndi zimene zili ndi mbiri yowawa. Ku Britain, kumene sitima zinayambira, osauka ankakwezedwa m'ngolo zopanda denga, mvula ndi utsi zili pamutu. Mu 1844 nyumba ya malamulo inalamula kuti kampani iliyonse iziyendetsa sitima imodzi patsiku yokhala ndi mipando ndi denga, pa mtengo wosaposa kobiri limodzi pa mailo. Tione bwino apa: bogi yabwino ya munthu wamba sinabwere chifukwa cha chifundo cha makampani, inabwera ndi lamulo. Mu 1875 kampani ya Midland Railway inathetsa kalasi yachiwiri n'kukweza yachitatu, ndipo mu 1956 dziko lonselo linasiya dzina lakuti kalasi yachitatu. India anathetsa yake mu 1974.

Kuno kwathu, m'nthawi ya atsamunda, kalasi sinkangotanthauza ndalama. Inkatsatira khungu. Bogi ya kalasi yoyamba, ya zipinda, mipando yawofuwofu ndi mabedi, inali ya azungu. Yotsatira ankakweramo kwambiri amwenye amalonda. Munthu wakuda malo ake anali pa benchi yathabwa, m'bogi yothithikana. Njanji za ku Rhodesia zinafika pokhala ndi makalasi anayi, ndipo yachinayiyo ndi imene machona athu ankaidziwa bwino. Ku South Africa, pa 7 June 1893, Mohandas Gandhi anatsitsidwa mokakamiza pa siteshoni ya Pietermaritzburg ali ndi tikiti ya kalasi yoyamba m'manja, chifukwa cha khungu basi. Makampani ambiri a masiku ano amapewa manambala aja n'kumagwiritsa ntchito mayina ofewa monga standard, economy ndi business. Dzina lasintha, ndipo tsankho la khungu linatha, koma funso lenileni likadali lomwe lija: bogi yotsika mtengo, imene imanyamula anthu ochuluka kuposa zonse, yapatsidwa ulemu wotani?

Tikabwera ku ntchito ya bogi, yofala kwambiri ndi yokhalamo. Imapangidwa m'njira ziwiri. Ina imakhala holo imodzi yaitali, mipando uku ndi uku, kanjira pakati. Ina imadulidwa m'zipinda, kanjira kali chambali m'mphepete mwa mawindo. Yoyambayo imanyamula anthu ambiri, mphepo imadutsa bwino, woona matikiti amaona aliyense, ndipo mayi woyenda yekha sakhala motsekeredwa ndi anthu osawadziwa. Yazipinda imapatsa bata ndi chinsinsi, koma imadya malo. Pali inanso yosakaniza, theka kalasi yoyamba theka yachiwiri, imene imathandiza pa njira ya apaulendo ochepa pamene kukoka bogi yathunthu ya olemera kungakhale kutaya mafuta.

Bogi yogonamo ndi ya ulendo wa usiku. Dzina la George Pullman wa ku America linatchuka nayo m'zaka za m'ma 1860. Chitsanzo chapafupi ndi sitima ya TAZARA, yoyenda pakati pa Kapiri Mposhi ndi Dar es Salaam, mtunda wa makilomita 1,860: m'kalasi yoyamba chipinda chimakhala ndi mabedi anayi, m'yachiwiri asanu ndi limodzi, ndipo otsalawo amayenda chokhala. Masana mabedi apamwamba amapindidwa, apansi n'kusanduka mipando. Ulendo wautali chotere umafunanso bogi yodyeramo, ya khitchini ndi matebulo, kapena yaing'ono yongogulitsa tiyi ndi zakumwa. Ku South Africa kuli mpaka Blue Train, imene ndi hotela yoyenda pa njanji, ya alendo a ndalama zawo. Izi tingozidutsa, pakuti si zimene chigwa chikusowa.

Kuli mtundu wina umene suoneka ngati bogi wamba chifukwa injini yake ili m'thupi momwemo, moti imadziyendetsa yokha popanda mutu. Amaitcha railcar. Kampani ya Nyasaland Railways inali nazo zoyendera dizilo m'zaka za m'ma 1950, zothamangitsa apaulendo a kalasi yapamwamba. Ubwino wake ndi wakuti ndi yopepuka, imaima ndi kunyamuka msanga, ndipo siwononga ndalama zambiri pa njira ya anthu ochepa. Kuipa kwake n'kwakuti malo a katundu amachepa.

Ndipo katunduyo ndiye mtima wa nkhani yonse kuchigwa. Bogi imene mabuku a njanji amaitchula pomalizira, ya katundu wa apaulendo ndi ya gadi, kwa ife ndi yoyamba. Gadi ndi amene amayang'anira sitima yonse: amakhala kumapeto, ali ndi buleki ya pamanja, mbendera ndi nyale, ndipo ndiye amapereka chizindikiro chonyamukira. Kawirikawiri chipinda chake chimaphatikizidwa ndi malo oikamo matumba, njinga ndi makalata. Munthu wa ku Makhanga kapena ku Osiyana sakwera sitima ndi kachikwama ka m'manja. Amakwera ndi thumba la mbatata za kudimba, mtanga wa makakana ndi milamba ya mu Elephant Marsh, mbuzi yomangidwa miyendo, ndipo pobwerera amatenga malata, sopo, mchere ndi nthochi za ku Thekerani. Sitima yopanda malo okwanira a zinthu zimenezi, ngakhale mipando yake ikhale yonyezimira bwanji, siinapangidwire iyeyo.

N'chifukwa chake sitima imene anthu akuikumbuka kwambiri ndi yosakaniza, yokoka mabogi a anthu pamodzi ndi a katundu. Mbiri yake yakumapeto ndi yachisoni. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa mu 1986, ndipo m'malo mwa apaulendo, Nsanje analandira othawa nkhondo miyandamiyanda. Sitima ya m'dziko momwemuno inkafikabe ku Nsanje mpaka mu 1997, pamene madzi osefukira anadula njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula, pamalo pamene panatchuka ndi dzina lakuti Mtayamoyo. Anthu anayamba kuoloka pamenepo pa mabwato. Sikanali koyamba: mu 1948 mlatho wa Chiromo unakokoloka, koma nthawi imeneyo watsopano unali utamangidwa pofika 1950. Ulendo wachiwiriwu papita zaka zoposa 25 pali posalumikiza. Kampani ya Central East African Railways, imene inatenga njanji mu 1999, inapitiriza kuyendetsa sitima ya anthu kuchokera ku Limbe n'kumathera pa Makhanga, mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Inali yochedwa, ulendo unkatha pafupifupi tsiku lathunthu, mabogi anali okalamba, koma inkadzaza mpaka m'makomo. Midzi ina ya m'mbali mwa Ruo inalibe msewu wodalirika m'dzinja, ndipo tsiku la sitima linali tsiku la msika pa siteshoni iliyonse. Madzi a mu January 2015 anakokolola njanji cha ku Makhanga, ndipo sitima ija sinafikekonso.

Wina angafunse kuti Chikwawa ikukhudzidwa bwanji, popeza njanji sidutsa pa boma. Zoona, sidutsa. Koma kwa anthu a ku Ngabu ndi Nchalo siteshoni yawo inali Bangula, kumene thonje ndi shuga zinkakwezedwa, ndipo a kutsidya la kum'mawa kwa Shire ankatsikira ku Makhanga ndi Chiromo. Mbali imeneyi ndi imene imavutika kwambiri ndi msewu mvula ikagwa.

Tsopano za amisiri, zimene ambiri timaziona ngati zosatikhudza, chonsecho ndi zimene zimagamula bogi imene tingagule. Choyamba ndi mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji, umene amati geji. Yathu ndi ya mamilimita 1,067, yofanana ndi ya Mozambique, Zambia, Zimbabwe, Botswana, South Africa ndi TAZARA. Ndi mwayi waukulu umenewu, chifukwa bogi yopangidwa ku South Africa itha kubwera ikuyenda ndi mateyala ake. Koma njanji zatsopano za ku Kenya ndi Tanzania ndi za mamilimita 1,435, monga zambiri za ku Ulaya ndi China, choncho mabogi ake, ngakhale atatipatsa ulere, sangaponde pa Nsanje.

Chachiwiri ndi mabuleki. Pa sitima ya anthu buleki iyenera kugwira mabogi onse nthawi imodzi, ndiponso iyenera kudzigwira yokha ngati sitima yaduka pakati. Lamulo limeneli linalembedwa ndi magazi: mu 1889 ku Armagh, m'dziko la Ireland, mabogi anabwerera chambuyo pachitunda n'kuombana ndi sitima ina, anthu 80 anafa, ena mwa iwo ana, ndipo chaka chomwecho boma la Britain linakhwimitsa lamulo. Njira zake zilipo ziwiri. M'njira yakale, imene njanji za m'chigawo chino zinatengera ku Britain, injini imayamwa mpweya wonse mupaipi yodutsa sitima yonse, ndipo mabuleki amamasuka. Paipi ikaduka mpweya umalowa, mabuleki n'kugwira. M'njira inayo, imene George Westinghouse anayambitsa ku America, paipi imadzazidwa ndi mpweya wopanikizidwa, ndipo mpweyawo ukathawa mabuleki amagwira. Yachiwiriyi ndi yamphamvu, ndipo ndi imene sitima zazitali za malasha zopita ku Nacala zimadalira. Bogi ya njira ina singamvane ndi injini ya njira inayo pokhapokha itaikidwa zonse ziwiri. Pa njanji yotsika kuchokera ku Limbe, pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, mpaka ku Nsanje kumene sikufika ngakhale mamita 100, nkhani ya mabuleki si yochita nayo chibwana.

Chachitatu ndi zolumikizira mabogi. Zakale zinkafuna munthu alowe pakati n'kuponya chitsulo pabowo, ndipo ambiri anataya zala ndi miyoyo pa ntchito imeneyi. Zamakono zimagwirana zokha mabogi akagundana. Pamwamba pa zolumikizirazo pamakhala kanjira kotchingidwa kodutsira kuchokera bogi ina kupita ina, kamene kamateteza mwana kuti asagwere pansi.

Kuti zonsezi zisasokonekere, bogi iliyonse imalembedwa zilembo ndi nambala pambali pake. Ku Ulaya anagwirizana kalembedwe kamodzi: A ndi kalasi yoyamba, B yachiwiri, AB yosakaniza, WL yogonamo, WR yodyeramo, D ya katundu. Wogwira ntchito pa siteshoni akangoona zilembozo amadziwa malo a bogiyo pamndandanda. Masiteshoni nawo ali ndi magulu. Pali siteshoni yeniyeni ya ofesi ya matikiti, pali poima chabe popanda wogwira ntchito, ndiye pali podutsirana, pamene njanji imagawika pawiri kuti sitima ina ipatuke inzake idutse. Popeza njanji yathu ndi ya mzere umodzi, kuchuluka kwa malo odutsiranawa ndi kumene kumanena ngati sitima ya anthu ingapeze mpata pakati pa sitima za katundu. Akachepa, amene amadikira padzuwa ndi anthu, chifukwa katundu ndiye amalipira zambiri.

Apa ndiye pagona vuto. Pafupifupi kulikonse padziko lapansi, sitima ya anthu a kumudzi sibweza ndalama zimene imadya. Kampani yoyendetsa njanji payokha ingakonde matanki ndi makontena. Sitima ya ku Makhanga inkayenda chifukwa mgwirizano wa boma ndi kampani unkaiona ngati ntchito yothandiza anthu, yoyenera kuthandizidwa ndi thumba la boma. Ngati mfundo yotere silembedwa momveka pa njanji ya Marka mpaka Limbe, tidzaona sitima zikudutsa m'minda mwathu usana ndi usiku ife tili pa kabaza. Mwana wosalira amafera mumbereko.

Maganizo anga pa bogi yoyenera chigwa ndi awa. Ikhale ya holo imodzi, ya mipando yolimba koma yosapweteka msana, yosavuta kutsuka. Mawindo akhale otseguka. Mu October ndi November kutentha kwa ku Ngabu ndi Nsanje kumapitirira madigiri 40, ndipo bogi yamakono ya magalasi omata, yodalira makina oziziritsa, makinawo akangofa pakati pa ulendo imasanduka ng'anjo. Makina amafa, ndipo zida zake sizigulitsidwa pa Bangula. Bogi imodzi yozizira ya amene angakwanitse ikhalepo, palibe cholakwika, bola isakhale chifukwa chochepetsera ya anthu wamba. Masitepe afike pansi, chifukwa malo ambiri oimapo alibe nsanja yokwererapo, ndipo agogo, amayi oyembekezera ndi olumala ndi amene amavutika. Mukhale chimbudzi chogwira ntchito, madzi ndi magetsi, pakuti mdima m'bogi ndi umene umaitana akuba. Bogi ya katundu isakhale imodzi yokha pa tsiku la msika, ndipo nsomba ndi ziweto zipatsidwe malo akeake. Za mabedi zidzabwere pamene sitima ya anthu idzayambe kupitirira mpaka ku Beira, kumene a CFM, kampani ya njanji ya ku Mozambique, akuyendetsa kale sitima za apaulendo pa njanji ya Sena.

Palinso chinthu chimene palibe bogi ingachikonze. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anaonetsanso kuti madzi a Shire ndi Ruo saopa mtumbira wa dothi. Njanji ikafika pa Bangula n'kuima pomwepo, ndiye kuti munthu wa ku Nsanje atha kupita ku Mozambique pa sitima koma osati ku Limbe, kumene kuli msika wake, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chapafupi ndi sukulu za ana ake. Popanda mlatho wolimba pa Chiromo ndi njanji yokwezedwa pa Makhanga, zonse takambazi zikhala za papepala.

Mafumu a ku Nsanje ndi Chikwawa, aphungu ndi makhansala, pamene mukukumana ndi a unduna wa zamtengatenga musangofunsa kuti njanji itha liti. Funsani ngati sitima ya anthu yalembedwa mumgwirizano, izidzayenda masiku angati pa sabata, izidzaima pa masiteshoni ati, idzakhala ndi mabogi angati a anthu wamba ndi angati a katundu wawo, ndiponso kuti ntchito ya pa Chiromo iyamba chaka chiti. Mayankho ake awerengedwe pamsonkhano wa anthu onse, pa Bangula ndi pa Makhanga.